Bwalo la masewero likapuma pantchito

Ophunzira athu amachidziwa bwino chikwakwa. Teremu ikatsegulidwa mvula ili m'kati, ntchito yoyamba imakhala kutchetcha pabwalo, ndipo kholo likafika pasukulu n'kupeza udzu wolekeza m'mawondo limayamba kukayika ngati aphunzitsi akugwira ntchito. Tonse tinaleredwa choncho: malo osamalika ndi osesedwa komanso otchetchedwa. N'chifukwa chake zimene zikuchitika mumzinda wa Derby ku England zimayamba zadabwitsa munthu akazimva koyamba. Kumeneko anthu aleka dala kutchetcha bwalo lalikulu la masewero, ndipo ena akumapita kukagwirako ntchito mosalipidwa pofuna kuti pakhale tchire. Taona kuti ndi bwino tifotokoze chimene akufuna ndi momwe akuchitira, chifukwa muli Biology ndi Agriculture wambiri amene ophunzira athu amalemba pamayeso.

Chakumpoto kwa mzinda wa Derby kuli paki yotchedwa Allestree Park, ya maekala 320. Mukafuna kuyerekeza, ganizani mabwalo a mpira wamiyendo oposa 170 atayalidwa pamodzi. M'pakimo muli nkhalango, nyanja yaing'ono ndi nyumba yakale ya anthu olemera. Kuyambira cha mu 1930 gawo lalikulu la pakiyi linali bwalo la gofu, masewero aja omenya kampira ndi ndodo mpaka kakalowe m'kadzenje. Bwalolo linali la maenje 18 ndipo analikonza ndi Harry Colt, katswiri wodziwika pantchito yokonza mabwalo a gofu. Kumapeto kwa chaka cha 2020 khonsolo ya mzindawo inatseka bwaloli. Mu Novembala 2021 khonsoloyo inavomereza kuti malowo abwezeredwe ku chilengedwe, mogwirizana ndi bungwe la Derbyshire Wildlife Trust ndi University of Derby. Pa nthawiyo ntchitoyi inkatchulidwa kuti ndi yaikulu kuposa ina iliyonse yamtunduwu yochitikira m'kati mwa mzinda m'dziko la Britain.

Derby ndi chitsanzo chachikulu chabe. Zambiri zotere zikuchitika pamalo aang'onoang'ono. M'mapaki ambiri a ku Britain muli timabwalo ta masewero otchedwa bowls, amene amakonda kusewera ndi achikulire: amagubuduza mipira yolemera kuti ikaime pafupi ndi kampira kakang'ono. Kabwalo kake kamakhala ka mamita 40 m'litali ndi m'lifupi kapena kucheperapo, kosalala ngati mphasa. Osewera akachepa, kalabu imatha, kabwalo n'kutsala kali kokhakokha kuseri kwa mpanda. Ndalama zosamalira mapaki zakhala zikuchepa m'makhonsolo ambiri kuyambira cha mu 2010, ndipo lamulo la ku England silikakamiza khonsolo kusamalira paki monga limaikakamizira kusamalira ana amasiye kapena kuchotsa zinyalala. Tsono malo osiyidwa otere amakhala pangozi. Amatha kusanduka kotaya mabotolo, kapena wina n'kuyamba kunena kuti bwanji agulitsidwe pamangidwe nyumba. Apa m'pamene amalowererapo anthu okhala pafupi. Amapanga kagulu ka ongodzipereka, kawirikawiri kodzitcha "abwenzi" a paki yakutiyakuti, n'kukapempha khonsolo kuti iwalole kusamalira malowo.

Kapinga wobiriwira koma wopanda kanthu

Munthu akaona bwalo la gofu kapena la bowls amati apa ndiye pali chilengedwe, poti paliponse ndi pobiriwira. Koma tagwadani muyang'anitsitse. Pamakhala mitundu iwiri kapena itatu yokha ya udzu, yosankhidwa chifukwa imapirira kupondedwa. Pa kabwalo ka bowls udzu umadulidwa mpaka kutsala mamilimita asanu, kangapo pa sabata m'nyengo yosewera. Amathira feteleza, amapopera mankhwala ophera zomera zina zonse, amakumba ngalande zapansi kuti madzi asadikhe. Ngakhale nyongolotsi, zimene mlimi aliyense amakondwa akaziona m'munda mwake, pamenepa n'zosafunika chifukwa timilu ta dothi timene zimatulutsa timakhotetsa mpira.

Zotsatira zake n'zosavuta kuziona. Udzu umene saulola kukula sutulutsa ngayaye kapena njere. Popanda maluwa, njuchi ilibe chobwerera. Mbozi za agulugufe zimadya masamba a zomera zakutizakuti basi, ndipo zomerazo zikasowa, gulugufeyo sangaswane. Ziwala ndi akangaude zimafuna pobisala. Tizilombo tikasowa, mbalame, achule ndi mileme zimasowa chakudya. Ophunzira a Fomu 3 akumbukira chithunzi chija cha kudyana kwa zamoyo: mukachotsa zapansi, zapamwamba zimagwa zokha.

Chimene chimawapweteka anthu a ku England n'chakuti dziko lawo linali ndi madambo ambiri a maluwa akutchire, kumene alimi ankamwetako udzu wosungira ziweto m'nyengo yozizira. Kafukufuku anapeza kuti pakati pa zaka za m'ma 1930 ndi za m'ma 1980, madambo 97 mwa 100 aliwonse otere ku England ndi Wales anatha. Ambiri anatipulidwa pa nthawi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse pofuna kulima chakudya, ena anathiridwa feteleza n'kubzalidwa udzu wokula msanga. Choncho kachigawo kalikonse kamene kangabwezeredwe, ngakhale kakhale kabwalo ka mamita 40, amakawerengera.

Wina anganene kuti ntchitoyo ndiye yaphweka, kungotsekera makina otchetchera m'nyumba n'kukhala pansi. Ambiri amene anayesa choncho anakhumudwa. Dothi la bwalo la masewero lakhala likudya feteleza kwa zaka makumimakumi. Mukangolisiya, udzu wamphamvu uja umakula msanga, umatalika, kenako umagwa n'kuphimba nthaka ngati bulangete. Njere ya duwa ikagwera pamenepo siifika panthaka, ndipo ikamera siliona dzuwa. Pakatha zaka zingapo pamadzaza zomera zochepa zokonda nthaka yachonde, monga khwisa wa kumeneko woyabwa uja, ndipo maluwa amene anthu ankayembekezera saoneka.

Apa ndi pamene makolo amene ndinu alimi mudabwe. Ife timasauka chaka ndi chaka kufunafuna thumba la feteleza kuti nthaka ikhale ndi chakudya. Ongodzipereka aja amagwira ntchito yotsutsana ndi imeneyi: amafuna kuisaukitsa nthaka. Maluwa ambiri akutchire a ku England amakula pang'onopang'ono ndipo amapambana pokhapokha pamene nthaka ili yosauka, chifukwa pamenepo udzu suthamanga. Njira yake ndi kumweta udzu kamodzi kapena kawiri pachaka, kuusiya masiku owerengeka kuti uume njere zigwe, kenako kuukokola wonse n'kuutuluka nawo. Kukokolako ndiye mtima wa ntchito yonse. Udzu ukasiyidwa kuti uwolere pomwepo umabwezera chakudya chonse m'nthaka, monga mapesi amachitira tikawakwirira m'mizere. Ukachotsedwa, chaka chilichonse nthaka imataya pang'ono nayitrojeni ndi michere ina. Ndi ntchito ya maleki, mafoloko ndi mawilibala, ndipo imafuna manja ambiri tsiku limodzi. Makina a khonsolo amatha kudula m'maola awiri, koma wokokola ndi munthu. Pa timabwalo tating'ono magulu ena safuna kudikira zaka zonsezi: amasenda kapinga yense pamodzi ndi dothi lapamwamba n'kufesa pa dothi lapansi losaukalo.

M'bale wake wa kaufiti

Pali chomera chimodzi chimene ongodziperekawa amachikonda kwambiri, ndipo ife tikuchidziwa kudzera mwa m'bale wake. Dzina lake ndi yellow rattle, m'Chilatini Rhinanthus minor. Chimatalika kufika pansi pa bondo, maluwa ake ndi achikasu, ndipo njere zikauma zimalira m'makoko mwake ngati maseche mphepo ikawomba. Chili m'banja limodzi ndi kaufiti, banja lotchedwa Orobanchaceae, ndipo khalidwe lawo ndi limodzi. Kaufiti amalumikiza mizu yake ku mizu ya chimanga kapena mapira n'kumayamwa madzi ndi chakudya, chimanga n'kupinimbira. Yellow rattle amachita zomwezo ku mizu ya udzu.

Alimi akale a ku England ankadana nacho chomerachi monga ife timadanirana ndi kaufiti, chifukwa chinkachepetsa udzu wa ziweto. Lero anthu akugula njere zake ndi ndalama. Chikamera pakati pa kapinga, udzu umafooka, umachepa msinkhu, pamatseguka mipata imene maluwa ena amamerapo. Ifeyo chinatiseketsa titamva koyamba kuti kuli anthu ofesa dala m'bale wa kaufiti. Koma taganizani bwino: chomera n'chomwecho, ntchito yake ndi yomweyo, chasintha ndi chimene mwini malo akufuna kukolola. Wofuna chimanga amachitcha mdani. Wofuna kufooketsa udzu amachitcha wantchito.

Kufesa kwake kuli ndi malamulo. Njere ziyenera kukhala za chaka chomwecho, chifukwa sizichedwa kufa. Amafesa pakati pa Ogasiti ndi Novembala, atamweta udzu mpaka pansi ndi kupalapasa mwamphamvu kuti dothi lionekere. Njerezo sizimera zisanagone m'nthaka yozizira kwa miyezi ingapo, choncho zimatuluka cha mu Malichi. Kumbukirani kuti nyengo zakumeneko n'zosemphana ndi zathu: Disembala ndi Januwale ndi miyezi ya chisanu, maluwa amachita bwino kuyambira Meyi mpaka Julayi. Popeza chomerachi chimakhala chaka chimodzi chokha, munthu akalakwitsa n'kumweta mu Juni njere zisanakhwime, ndiye kuti chatha, ayambirenso. Zoterezi zimachitika ndithu pamene woyendetsa makina sanauzidwe kuti chigawo chakuti asachikhudze.

Kodi zonsezi zimabweretsadi zamoyo, kapena ndi zokoma m'maso chabe? Yankho lomveka linachokera ku Cambridge. Kuseri kwa King's College kuli kapinga wotchuka amene anayalidwa mu 1772 ndipo wakhala akutchetchedwa kuyambira nthawi imeneyo. Mu 2019 anafesa maluwa akutchire pa gawo lina lalikulu ngati bwalo la mpira, gawo lina n'kulisiya lili kapinga. Izi zinapereka mwayi woyerekeza malo awiri oyandikana, a dothi limodzi ndi mvula imodzi. Dr Cicely Marshall ndi anzake anawerenga zamoyo mbali zonse ziwiri ndipo anasindikiza zimene anapeza mu 2023. Mitundu ya zomera, akangaude ndi tizilombo tina inali yochuluka katatu m'gawo la maluwa. Atayeza kulemera kwa tizilombo tonse pamodzi, ta m'gawo la maluwa tinaposa ta pa kapinga maulendo 25. Mileme, imene imadya tizilombo touluka usiku, inkamveka pa makina awo katatu kuposa mbali inayo. Zonsezi zinachitika m'zaka ziwiri kapena zitatu zokha. Pomweta, kolejiyo inabweretsa mahatchi akuluakulu okoka zida zakale, ndipo mitolo ya udzuwo, poti inali yodzaza njere, inaperekedwa kwa ena kuti akayale pamalo awo.

Maluwa si zonse. Magulu ambiri amakumba kadziwe, ndipo kawirikawiri ndi chinthu chimene chimabweretsa alendo msanga kuposa china chilichonse: atombolombo amafika chaka chomwecho, achule n'kutsatira. Saikamo nsomba, chifukwa nsomba zimadya ambululu ndi mazira a tizilombo. M'mphepete mwake amakonza motsetsereka kuti kanyama kakagweramo kathe kutuluka. Mitengo yakugwa saiwotcha kapena kuigulitsa ngati nkhuni. Amaiunjika pamthunzi kuti iziwola, bowa ndi zikumbu zipezemo malo, ndipo kanungu, amene wachepa kwambiri ku Britain m'zaka zapitazi, amapanga chisa pansi pake n'kugonamo nyengo yonse yachisanu. Pa bwalo la gofu pamakhala maenje a mchenga amene ankaikidwa kuti azivutitsa osewera. Mchenga wowomba dzuwa woterowo ndi umene zimafuna njuchi zina zosakhala m'gulu, zimene iliyonse imakumba una wake n'kuikiramo mazira. Mwa mitundu ya njuchi yoposa 250 ya ku Britain, yambiri ndi yotere, yosapanga uchi koma yothandiza kwambiri kubereketsa zomera.

Tibwerere ku Derby. Maekala 320 sangakokoledwe ndi maleki, choncho kumeneko maganizo ndi osiyanako: kulola chilengedwe chitsogole, anthu n'kumathandiza apa ndi apo. Udzu ukaleka kutchetchedwa pafupi ndi nkhalango, mitengo imabwera yokha. Kuli mbalame yotchedwa jay imene imakwirira njere za mtengo wa oak m'nthaka kusungira chisanu, zina n'kuziiwala. Zitsamba zaminga zimamera msanga n'kutchinga timitengo timeneti kuti agwape asatidye. Amene mwasamalirapo ziphukira pachitsa m'munda mwanu mukudziwa kuti mtengo womera wokha umapirira kuposa wa m'chubu. Komabe apa pali funso lovuta. Malo onse akasiyidwa, pakatha zaka makumi angapo paliponse padzakhala nkhalango, ndipo zamoyo zokonda dambo lowala dzuwa zidzasowanso pokhala. N'chifukwa chake pamalo aakulu otere akatswiri amalimbikitsa kuikapo ng'ombe zowerengeka kuti zizidya apa, kuponda apo, malo ena akhale otseguka. Ng'ombe m'paki ya mumzinda, momwe anthu amayenda ndi agalu awo m'mawa uliwonse, si nkhani imene aliyense amaivomera msanga.

Ndipo tisabise kuti pali amene analuza. Bwalo la gofu la ku Allestree linali la khonsolo, kutanthauza kuti munthu wamba ankatha kusewerapo pamtengo wotsika osalowa kalabu ya anthu olemera. Osewerawo anadandaula, anasainitsa anthu kuti bwalo lisatsekedwe, koma sizinatheke. Kwa nkhalamba imene yakhala ikukumana ndi anzake pa kabwalo ka bowls Loweruka lililonse kwa zaka 30, kumva kuti malowo tsopano ndi a agulugufe si nkhani yosangalatsa. Ife tikuona kuti madandaulo amenewa ndi omveka, ndipo pali kusiyana pakati pa kukonza malo amene anasiyidwa kale ndi kuchotsa anthu amene akuwagwiritsabe ntchito. Magulu anzeru amayamba afunsa anthu oyandikana nawo chimene akufuna. Ku Derby nako khonsolo inafunsa maganizo a anthu mu 2022 isanakhazikitse ndondomeko yake.

Dandaulo lina ndi lija tayamba nalo: anthu ambiri akaona udzu wautali amati malo atayidwa. Amaimbira foni khonsolo kudandaula kuti antchito achita ulesi. Ongodzipereka anaphunzira kanzeru kosavuta. Amatchetcha bwinobwino tinjira tokhotakhota m'kati mwa udzuwo, amatchetchanso mzere m'mphepete monse, n'kuika benchi ndi chikwangwani chofotokoza chimene chikuchitika. Diso likaona njira yosamalika limadziwa kuti udzuwo wasiyidwa mwadala. Tinjirato timathandizanso kuti anthu asamaponde paliponse, ndipo mayi wokankha kangolo ka mwana kapena munthu wa pa njinga ya olumala amatha kulowa. Bungwe la Plantlife linayambitsa mu 2019 kampeni yotchedwa No Mow May, yopempha anthu kuti asatchetche pakhomo pawo mwezi wa Meyi, ndipo yathandiza kuti maso a anthu azolowere.

Chimene chimagwetsa magulu ambiri ndi chaka chachiwiri ndi chachitatu. M'thumba la njere nthawi zambiri amasakanizamo maluwa a chaka chimodzi, monga poppy wofiira ndi cornflower wabuluu, amene amamera msanga pa dothi lotipulidwa kumene. Chaka choyamba malo amakongola, atolankhani amabwera, aliyense amajambula. Chaka chotsatira maluwa amenewa sabweranso ochuluka chifukwa dothi silinatipulidwe, pomwe maluwa okhalitsa aja adakali kuzika mizu ndipo ena sachita maluwa mpaka patatha zaka ziwiri kapena zitatu. Anthu amayamba kunena kuti ntchito yalephera, obwera kudzakokola amachepa. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Gulu limene limapirira nthawi imeneyi kawirikawiri ndi limene lili ndi kaundula. Amasankha njira imodzi n'kumaiyenda sabata iliyonse kuyambira Epulo mpaka Seputembala akuwerenga agulugufe, njira imene yakhala ikugwiritsidwa ntchito ku Britain kuyambira 1976. Amajambula chithunzi ataima pamalo amodzimodzi nyengo iliyonse. Munthu akati palibe chasintha, amamutsegulira buku.

Makolo ena afunsa ngati tikufuna kuti bwalo lathu la mpira lisanduke tchire. Ayi. Bwalo limene ana akuseweretsa ndi la ana, ndipo kwathu kuno udzu wautali pafupi ndi makalasi uli ndi zovuta zimene a ku Derby saziganizira. Britain yonse ili ndi mtundu umodzi wokha wa njoka yaululu, ndipo udzudzu wakumeneko sufalitsa malungo masiku ano. Ife tili ndi mphiri ndi mamba, dziwe la madzi odikha ndi moswera udzudzu, ndipo udzu wouma wa mu Okutobala suchedwa kugwira moto. Njere za maluwa a ku England nazo si zoitanitsa kuno. Zomera zobwera zatipweteka kale, monga namasupuni mumtsinje wa Shire.

Chimene tingatengeko ndi kawerengedwe kaja. Ophunzira amene mukufuna kudzionera nokha, dulani ndodo zinayi za mita imodzi iliyonse, muzimange m'makona. Ikani chimangocho pakati pa bwalo la mpira, muwerenge mitundu ya zomera ndi tizilombo timene muli m'katimo, osati kuchuluka kwake koma mitundu yosiyana. Kenako kachiikeni m'mphepete mwa mpanda pamene chikwakwa sichifika kawirikawiri, muwerengenso. Chitani kasanu mbali iliyonse, nthawi imodzimodzi ya tsiku, mutavala nsapato ndipo mutayamba mwagwedeza udzu ndi ndodo yaitali. Chomera chimene simukuchidziwa dzina, chijambuleni m'kope ndipo mukafunse agogo kunyumba. Lembani tsiku, ndipo mudzabwerezenso pamalo omwewo mvula ikadzatha.